Thiraki yanga ya rimoti patatha miyezi 13, servo yachitatu itapsa

Loweruka lapitali servo yachitatu ya thiraki yanga ya rimoti inapsa (servo ndi kamota kakang'ono kamene kamakankha ziwalo za thiraki ukailamula ndi rimoti). Fungo linadzaza pabalaza, mayi a kunyumba n'kuyamba kuzula mapulagi poyesa kuti nyumba ikuyaka. Madzulo ake omwewo mlamu wanga wa ku Area 49 anandifunsa pa WhatsApp ngati angaitanitse thiraki yonga yanga kwa munthu wa ku Joni amene anandigulitsa ine. Sindinawayankhe tsiku limenelo chifukwa ndikanatukwana. Alamu, yankho lanu ndi ili.

Kwa amene simunaione, ndi Scania R620 ya 6x4, yopangidwa ndi Tamiya ya ku Japan pa sikelo ya 1/14. Ndiye kuti chilichonse cha pathiraki yeniyeni anachichepetsa ka 14, moti hosi yokha ndi yaitali pafupifupi theka la mita. Imabwera zidutswazidutswa m'katoni, giyabokosi ya magiya atatu umamanga wekha, difu wekha, masipiling'i wekha, kupenta wekha. Ndinaigula mu September 2023 ndipo inanditengera masabata asanu ndi limodzi, madzulo okhaokha, masiku ena ndi tochi kukamwa magetsi atazima. Ife amene tinakulira pa galimoto zamawaya, matayala a zitini za kiwi ya nsapato, mukudziwa momwe mtima unkachitira.

Zimene zinatuluka m'katonimo sindikudandaula nazo. Chasisi sinapindike ngakhale inagwapo pakhonde. Mota ikadali yomwe ija. Penti sinasuwe. Mabushi ake ndinawachotsa n'kuikamo ma bearing nditaona zimene fumbi la mu October limachita likasakanikirana ndi girizi. Basi.

Nkhani ili apa: m'katonimo simukhala rimoti, servo, batire kapena kabokosi kowongolera liwiro. Wogulitsa uja anandiuza kuti, "Musavutike bwana, ndikuikirani zonse pa mtengo umodzi." Ndinasangalala. Zimene anaikazo zinalibe ndi dzina lomwe.

Thirakiyi imafuna ma servo awiri, ina yokhotetsa, ina yosintha magiya. Yosintha magiyayo imakankha kachitsulo kolowa mu giyabokosi, kamene kamaima malo atatu. Kuyambira tsiku loyamba, ndikaika giya yoyamba kapena yachitatu, pankamveka kaphokoso kosalekeza, nyiiii, ngati udzudzu wa pakhutu. Ine ndinkati ndi mmene zimalirira. Ndinkachita kuuza ana kuti imeneyo ndiye injini! Pakatha mphindi khumi servo inkatentha yosagwirika, ndipo mu November inaima.

Mwezi umenewo ndi umene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye mtengo wa kanthu kalikonse ka marandi unangodumpha. Apa ndimuyamikire wogulitsayo: yoyamba ananditumizira yaulere pa basi, ine n'kulipira yonyamulira yokha. Itapsa yachiwiri mu April, mawu anasintha. Akuti ndi fumbi la kwanuko. Fumbi mu April, udzu uli biliwiri? Ndinalipira ndithu, kuonjezapo ya basi ndi ya mnyamata wokaitenga kudepoti. Ya Lowerukayi ndamulembera kanayi, akuwerenga koma zii.

Lolemba ndinainyamula m'katoni kupita nayo kumsika wa Nsungwi ku Area 25, kwa bambo ena achikulire okonza mawailesi. Sanaonepo chinthu chotere, koma sanachite nacho mantha. Anachotsa servo yokhotetsera n'kuiika pa magiya, n'kundiuza kuti ndisinthe. Nyiiii. Anaika chala pa kachitsulo kaja, n'kuseka.

"Achimwene, ichi sichikudwala ayi. Chikukankha khoma."

Kachitsuloko kakafika pothera, servo imafunabe kupitirira, ndiye imalimbana mpaka kupsa. Marimoti abwino amakhala ndi pochepetsera mtunda umene servo iyende, koma yanga yopanda dzinayo ilibe. Bambowo anangosuntha ndodo yake kuichotsa pa bowo lakunja la kamkono ka servo n'kuiika pa bowo loyandikira pakati, kuti isamakankhe patali. Phokoso lija ziii, magiya atatu onse n'kumalowa bwinobwino. Anandilipiritsa K5,000, ndipo ndinachita manyazi powapatsa. Nditafika kunyumba ndinatsegulanso buku la malangizo, n'kupeza kuti zoyeza ndodoyo anazijambula bwino lomwe, ine ndinangodutsapo chifukwa cha phuma. Ndiye theka la mlandu ndi langa. Theka linalo ndi la munthu amene amagulitsa zimenezi tsiku ndi tsiku, nalandira ndalama yanga kawiri, osandifunsa n'komwe kuti servoyo ikulira bwanji.

Panopa thiraki ikusintha magiya ngati yatsopano koma siikhota, poti servo yatsala imodzi. Ikungoyenda molunjika kuchoka kukhitchini kukagunda sofa.

Chimene chimandibweza mtima ndi ngolo. Ya kufakitale inandikanika mtengo, ndiye ndinapanga yanga ndi zotsalira za aluminiyamu kwa opanga mawindo, pansi pake timatabwa topyapyala. Mabelo a fodya ndinasoka ndi chiguduli, kutengera mathiraki amene amandandana ku Kanengo msika ukatsegulidwa. Aneba athu, amene anayendetsa mathiraki njira ya ku Beira zaka zambiri, anabwera kudzaona n'kundimasulitsa zingwe zonse, ati katundu womanga choncho sangafike ndi pa Dedza pomwe. Tinakhala pakhonde masana onse akundiphunzitsa mfundo. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanati gulani ziwiri.

Lero ndawerengetsera. Ma servo, mabasi, ma bearing, batire yachiwiri ndi penti zandidyera ndalama yoposa fizi ya teremu ya mwana wanga wamkulu, kupatula ya thiraki yeniyeniyo, ndipo mayi a kunyumba akudziwa theka lokha la nkhaniyi. Ndiye alamu, katoni ya Tamiya gulani ngati thumba likulola, sindikuletsani. Koma akakuuzani zoti akuikirani zonse pa mtengo umodzi, kanani. Rimoti mugule panokha, ya matchanelo anayi (njira zinayi zolamulira thiraki), yokhala ndi pochepetsera paja, ndipo servo ya magiya ikhale ya mano achitsulo. Nambala ya munthu ujayo sindikupatsani mpaka atayankha mauthenga anga anayi aja. Mukamaitanitsa kwina, muikepo servo imodzi yanga, ndikubwezerani mwezi ukatha.