Ulendo wa ku Ol Doinyo Lengai: helemeti anatipatsa yabwino, masiki ndiye ayi

Amene mumandifunsa za kakampani ka kuno ku Lilongwe kamene kamatenga anthu kukakwera mapiri ku Tanzania, ine ndikuti pitani nawo, anthuwa sabisa chilungamo. Tisanalipire n'komwe anatikhazika pansi muofesi mwawo n'kutiuza kuti Ol Doinyo Lengai musaliyese Mulanje, ndi phiri loti mkati mwake mukuyakabe moto, linaphulika mu 2007 mpaka 2008 n'kumwaza phulusa m'midzi ya Amaasai kufupi ndi nyanja ya Natron. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 2,960.

Msewu ndi wautali, Karonga, boda ya Songwe, Mbeya mpaka Arusha, msana umachita kuwawa koma izo ndi zazing'ono.

Kukwera kumayamba pakati pa usiku pothawa dzuwa, aliyense katochi pamutu. Pansi pake si polimba ayi, ndi phulusa ndi timiyala tosagwirana, ukaponda phazi limabwerera ngati ukukwera mulu wa mchenga wa omanga nyumba, ndiye amene ali pamwamba pako akangoterereka pang'ono mwala umaguluka n'kumabwera mumdimamo iwe osauona, umangomva phokoso basi. Apa ndi pomwe ndinaona kuti ndalama yathu inagwira ntchito. Helemeti anatipatsa yolimba yomanga pachibwano, ndipo wotiperekeza wachimaasai sankalola kuti wina ayime pansi penipeni pa mnzake, ukagwetsa mwala lamulo lake ukuwe kuti apansi amve. Mayi wina wa m'gulu lathu mwala ngati chibakera unamenya helemeti yake mpaka kusiya chibowo, zikanakhala kuti anavala kapusi bwenzi tikukamba zina.

Chomwe chinandikhumudwitsa ndi masiki. Anatigawira timasiki topyapyala tija ta nthawi ya korona, koma phulusa la phiri limeneli lili ndi soda, limayabwa kukhosi komanso m'maso, makamaka potsika masana mphepo ikayamba ndipo anzako akulitibula ndi mapazi. Magalasi oteteza maso sanatiuze n'komwe. Kwa munthu wa asima zimenezi si zamasewera, ndinawauza titabwerako kuti azifunsa anthu za matenda a m'chifuwa asanalandire ndalama.

Musananyamuke gulani masiki ya N95, yokhuthala yosefa bwino fumbi, kufamase, magalasi ndi magolovesi mukapeza m'mahadiweya a ku Malangalanga, chifukwa potsika malo ena mumachita kukhwekhwereza ndi manja.