Soda, phulusa kapena mankhwala opopera: chotsukira uvuni chabwino ndi chiti?

Litsiro la mu uvuni limasiyana ndi la m'mapoto. Poto timatsuka tsiku lomwelo, koma uvuni timangotseka chitseko n'kuiwala. Mafuta a nkhuku amene anathethekera m'mbali Lamulungu amapsanso Lachiwiri tikamaphika masikono, n'kudzapsanso Loweruka tikamaphika keke, mpaka amauma gwa ngati nkhoko za nsima yogonera. Zikafika apo uvuni umayamba kufuka utsi ukangotentha, ndipo chigumu chimatuluka ndi kafungo ka nsomba imene munawotcha sabata yatha. Kwa ife amene timaphika zogulitsa, kasitomala sanena kanthu, amangosiya kubwera.

Njira zotsukira zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi anthu ake oikhulupirira. Ine ndili kumbali ya soda, koma sindinena kuti imatha zonse.

Soda ndikunenayi ndi yomweyi timathira mu thelere ndi m'zigumu, yoyera ya m'kapaketi, osati baking powder. Mumatenga theka la kapu, n'kudonthezera madzi pang'onopang'ono mpaka ikhale phala lolimbirako loti lisamayenderere pakhoma. Uvuni ukhale wozizira, kuka yozimitsidwa pakhoma, mawaya oikapo mathireyi mutatulutsa. Pakani phalalo pansi, m'mbali ndi kuseri kwa chitseko, koma musapake pa ma elementi, pa fani ngati ilipo, kapena pa mabowo otulukira moto ngati uvuni ndi wa gasi. Kenako isiyeni igone usiku wonse. Apa ndi pamene ambiri amaphonyera, chifukwa amapaka n'kupukuta pakangotha mphindi khumi, kenako n'kumati soda sigwira ntchito. Mmawa mukatsegula mupeza phala lija lasanduka lofiirira, penapake lakuda bii. Ndiwo mafuta aja, atafewa n'kulowerera mu soda. Mukakanda ndi kapulasitiki kolimba amachoka mosavuta, otsalawo mumamaliza ndi kansalu konyowa.

Nkhani ya viniga ndiifotokoze bwino chifukwa mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok asokoneza anthu. Mumaona munthu akusakaniza soda ndi viniga m'mbale, thovu lili fwaa, ndiye mumaganiza kuti mphamvu yachuluka. Zoona zake n'zakuti ziwirizi zimaphana. Viniga ndi asidi, soda ndi mdani wa asidi, ndipo thovu likatha chotsala m'mbalemo sichisiyana kwenikweni ndi madzi amchere. Viniga ntchito yake ndi yomalizira. Mukapukuta soda pamatsala timizere toyera, ndiye mumawaza viniga pang'ono n'kupukutanso, pamawala.

Ubwino wa soda ndi woti ndi yotchipa, imapezeka pa hokala iliyonse, siwotcha manja, ndipo ikatsalira pang'ono pakona siingadwalitse munthu. Mutha kutsuka mwana ali pambali panu. Kuipa kwake ndi kuchedwa, komanso pa litsiro la zaka imagonja. Pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu, ndipo madontho ena a shuga wopserera amakanabe.

Mankhwala opopera a m'sitolo, monga Mr Muscle wa uvuni kapena Zeb amene a ku South Africa amamudziwa bwino, ndi nkhani ina. Ambiri mwa mankhwalawa mphamvu yawo ndi caustic soda, yomwe ija amapangira sopo. Ikakumana ndi mafuta imawasandutsa sopo, n'chifukwa chake litsiro limene soda inalephera limasungunuka n'kumayenderera lokha pakangopita nthawi yochepa imene yalembedwa pachitini. Pa liwiro ndi mphamvu palibe chofanana nawo. Ngati mwalowa nyumba ya lendi n'kupeza uvuni woti eni ake akale sanautsukepo, kapena mwagula kuka yogwiritsidwapo kale ntchito, musadzivutitse ndi soda. Gulani chitini, mutsuke kamodzi bwinobwino.

Koma chinthu chosungunula mafuta a nkhuku chimasungunulanso khungu la munthu. Kadontho kakagwera pamkono poyamba pamangoterera, kenako pamayamba kunyeka. Kakalowa m'diso kangathe kuliwononga mpaka kalekale, ndipo zikatero muyenera kutsuka disolo ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 n'kuthamangira kuchipatala. Mpweya wake umatsamwitsa, ndipo makhitchini a nyumba zathu zambiri za m'tauni ndi aang'ono, kawindo kamodzi. Valani magolovesi aatali, tsegulani zitseko ndi mawindo, ana atuluke, mutu musaulowetse mu uvuni mukamapopera. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'nyumba zambiri wogula chitini si amene amatsuka. Chimangoperekedwa kwa mtsikana wantchito popanda magolovesi, popanda womuwerengera zolembedwa pachitini, iye n'kumapukuta ndi manja. Ngati ndalama ya magolovesi palibe, ndiye kuti ya mankhwalawo palibenso, mupatseni soda.

Mankhwalawa alinso ndi zinthu zimene sagwirizana nazo. Aluminiyamu amamudya, moti thireyi ya keke kapena sefuliya ikakhudzidwa imada n'kuchita timaenje. Mphira wa m'mphepete mwa chitseko amauwononga. Ma elementi sayenera kupoperedwa. Mukamaliza muyenera kutsukuluza kangapo ndi madzi oyera, kenako kuyatsa uvuni wopanda kanthu kwa mphindi 20 mawindo ali otsegula, musanaikemo chakudya. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amagula caustic soda wa ufa n'kusungunula okha. Zimenezo sindingalimbikitse munthu m'khitchini ya pakhomo. Ufawo umatentha ukakumana ndi madzi, umathovukira, ndipo palibe amene amadziwa kuti wachulutsa mpaka dzanja litapsa. Ndipo chilichonse mwa izi musasakanize ndi Jik. Jik akakumana ndi viniga kapena mankhwala okhala ndi ammonia amatulutsa mpweya wapoizoni.

Phulusa sindilinyoza ayi. Amayi athu ankawalitsa nalo mapoto ndipo ankadziwa chimene akuchita. Phulusa la nkhuni lili ndi mchere wina wamphamvu, womwe uja umatuluka tikamatcheza chidulo, ndipo ukakumana ndi mafuta umawafewetsa mofanana ndi sopo wofooka. Pa mawaya a mu uvuni ndi mathireyi achitsulo, phulusa losefa bwino limagwira ntchito kuposa soda, komanso ndi laulere. Muwanyike kaye mawayawo m'beseni la madzi otentha ndi sopo waufa kwa maola angapo, kenako mukweche ndi phulusa panja. Amene muli ndi uvuni wa mgolo kapena wa njerwa wophikira mabanzi, phulusa ndi burashi yawaya n'zokwana, palibe chifukwa chogulira chitini.

Mkati mwa uvuni wa kuka ndi mmene phulusa silifunika. Makoma aja anakutidwa ndi enamelo, yomwe kwenikweni ndi galasi losungunulira pachitsulo. Phulusa la pambaula kapena pamafuwa silisowa timchenga, ndipo timchengato timakanda. Chimodzimodzi sitiliwulo, Vim waufa, ndi mpeni umene ena amapalira. Tsiku loyamba uvuni umaoneka bwino, koma m'mikwingwirima ija ndi mmene mafuta amakakamira kwambiri ulendo wotsatira, ndiye mumakwechanso mwamphamvu, enamelo n'kumapita. Ikasupuka chitsulo chimakhala pamtunda, dzimbiri limalowa, makamaka nthawi ya dzinja m'nyumba zachinyontho, ndipo mapeto ake pansi pamabooka. Galasi la chitseko ndiye losafuna n'komwe kukandidwa. Ndi galasi lolimbitsidwa mwapadera, koma likakhala ndi mikwingwirima limafooka, ndipo litha kudzaphulika tsiku lina uvuni uli wotentha, n'kusweka tizidutswatizidutswa. Pagalasi ndi soda yofewa ndi kansalu basi.

Nthunzi ndi njira imene anthu amaipeputsa. Mumathira madzi m'thireyi yakuya, n'kufinyiramo ndimu, n'kuika mu uvuni pa madigiri 120 kwa mphindi 20 kapena 30. Mukazimitsa mudikire uvuni ufunde, kenako mupukute. Litsiro lakale silisuntha, zimenezo musayembekezere. Koma mafuta a lero ndi a dzulo amachoka onse, ndipo ndimu imachotsa fungo la nsomba. Amene timawerengera mayunitsi sitiyatsanso uvuni mwapadera. Mukangotulutsa thireyi yomaliza ya masikono n'kuzimitsa, lowetsani mbale yachitsulo ya madzi otentha n'kutseka, kutentha kotsalako kugwire ntchitoyo. Pofika nthawi yoti masikono azizira, mafuta a mu uvuni afewa kale. Amene amachita zimenezi nthawi zonse akawotcha nyama amafuna soda kamodzi pamwezi, ndipo chitini cha mankhwala sachifunanso.

Abale athu a ku London, Leeds kapena Johannesburg ena amapeza mauvuni odzitsuka okha m'nyumba zimene akukhala, ndipo ku Lilongwe ndi Blantyre ayamba kuoneka m'nyumba zina. Alipo a mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Wina, wotchedwa pyrolytic, umadzikhoma chitseko n'kutentha kufika pafupifupi madigiri 500 kwa maola awiri kapena atatu, litsiro lonse n'kusanduka phulusa loyera loti mungopukuta. Umayeretsadi mogometsa. Koma mawaya ndi mathireyi muyenera kutulutsa pokhapokha buku lake litanena kuti angatsalemo, mafuta ochuluka muyambe mwawachotsa kuti asayake, ndipo khitchini imadzaza fungo la kupserera. Kwathu kuno ndimaona kuti siwoyenera kuwonongerapo ndalama. Maola atatu pa moto woterowo ndi mayunitsi ambiri, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito chitseko chimatha kukhala chokhomeka mpaka atayakanso. Mtundu winawo uli ndi makoma okhakhala, otuwa, amene amamwa mafuta n'kumawawotcha pang'onopang'ono mukamaphika pa madigiri 200 kapena kuposa. Makoma amenewo sakwechedwa, sapakidwa soda, sapoperedwa mankhwala. Ambiri amaona kukhakhalako n'kuganiza kuti ndi litsiro, n'kuwononga chinthu chodula. Pa mitundu yonse iwiriyi chitini chopopera chija musachiyandikize.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka chanzeru, choyala foyilo pansi pa uvuni kuti zotayikira zigwere pamenepo. Mauvuni ambiri amagetsi elementi yapansi ili kunsi kwa chitsulo chimenecho, ndiye foyilo imatsekereza kutentha, imatha kumatirira pa enamelo osachokanso, ndipo keke imapsa mosalingana. Mu uvuni wa gasi imatseka mabowo a mpweya, zomwe n'zoopsa kwambiri. Ngati mukuwotcha chambo kapena nkhuku yamafuta, ikani thireyi yakale pa waya wapansi, zodontha zigwere mmenemo, muitsukire panja.

Wa gasi muziyang'ananso lawi mukamaliza kutsuka. Liyenera kukhala labuluu, loyaka mofanana mzere wonse. Likamayaka lachikasu n'kumasiya mwaye, ndiye kuti timabowo tatsekeka ndi mafuta kapena soda, ndipo moto wotere umatulutsa mpweya woipa wosanunkha, uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Tsekani silinda, dikirani kuzizire, tsukani timabowoto ndi mswachi wakale wouma. Likapitiriza kuyaka lachikasu itanani wodziwa za gasi.

Mphira wa chitseko ndi umene ambiri sitiuganizira, pamene ndi umene umasunga kutentha. Umangofuna madzi ofunda ndi sopo wa mbale, osaukoka, osaukwecha. Kuti mudziwe ngati udakali bwino, panikizani pepala pachitseko uvuni uli wozizira, n'kulikoka. Likamatuluka mosavuta pamenepo pakuthawa moto, ndipo muyese mbali zonse zinayi chifukwa nthawi zambiri umayamba kutha m'makona. Uvuni wotere umachedwa kutentha, umapsereza keke kumbuyo kutsogolo kuli kosapsa, ndipo mabatani a kuka amatentha mpaka kusintha mtundu. Pa makuka ambiri, kuphatikizapo a Defy amene ali m'nyumba zambiri kuno, mphirawu umangokoledwa ndi tingowe m'makona, moti mutha kusintha nokha popanda sipanala. Pokagula tengani wakale uja m'manja pamodzi ndi nambala ya kuka yanu, imene imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo, chifukwa mphira wa kuka ina ukhoza kuoneka wofanana koma osakwana.