Ulendo wa madonati ku New York, ndapereka nyenyezi 4 mwa 5

Ine ndi mchemwali wanga tinalembetsa ulendo woyenda wapansi wozungulira mashopu a madonati, kuyambira ku Lower East Side mpaka ku SoHo, Loweruka mmawa. Tinayenda pafupifupi maola atatu, mashopu asanu. Nyenyezi imodzi ndachotsa ndipo ndifotokoza chifukwa chake, koma ndiyambe ndi zabwino poti ndi zambiri.

Gaidi wathu anali mayi wachikulireko, amati anagwirapo ntchito mu bekare zaka zambiri ndipo zimaoneka ndithu. Pa shopu yoyamba sanatilole kuluma kaye, anatenga madonati awiri nkuwanyema pakati kuti tione mkati. Ina inali ya yisiti, mkati mwake timabowo timabowo, yopepuka, ukaifinya ndi chala imabwereranso. Inayo ndi imene amati cake donut, yofufumitsa ndi bekingi paudala, yolemera komanso yofumbutuka ngati keke. Ine zaka zonsezi ndimangoti donati ndi donati basi, kusiyana kwake ndimangoona pa zokutira pamwamba. Apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chake ena ndimawakonda ndi khofi pomwe ena amandikola msanga.

Shopu yachiwiri ndi imene sindidzaiwala. Anatiimika pa zenera la kukhitchini, mnyamata akutembenuza madonati mu mafuta ndi timitengo tiwiri tatitali, mwachangu kwambiri moti maso samatsatira, kenako nkuwathira shuga wosungunula uja adakali otentha. Yanga anandipatsa pa kapepala nthunzi ikutuluka, shuga asanaume, akumata zala, ndipo nditaluma inangosungunuka mkamwa osatafuna nkomwe. Mchemwali wanga amene sakonda zotsekemera anapempha chidutswa china. Mayi aja anati mafuta amayenera kukhala cha mma 180 mpaka 190 digiri Celsius, akazizira donati imamwa mafuta nkukhala yolemera, akatenthetsa kunja kumapsa mkati muli mwawisi. Nkhani ya bowo lapakati inabwera pomwepo, akuti woyendetsa sitima za pamadzi wa ku Maine, Hanson Gregory, ankanena kuti ndiye anayamba kuboola mu 1847 chifukwa pakati pamakhala posapsa. Ndipo ukaona mmene mafuta amabwatira kudutsa pa bowopo umaona kuti nzeruyo ndi yoona.

Mbiri amaifotokoza tikuyenda, osati kutiimika ngati mkalasi, chimene ndinakonda. Za ma Dutch amene anabwera ndi timakeke tokazinga totchedwa olykoek mzindawu ukadali New Amsterdam, za Adolph Levitt amene anapanga makina opangira madonati mu 1920 ku New York komweko, za amayi a Salvation Army amene ankakazingira asilikali madonati ku France mu 1917. Titafika ku Spring Street anatilozera pamene cronut, imene ndi theka donati theka croissant (kabuledi kachifalansa), inayambira mu 2013 ku bekare ya Dominique Ansel, mmene anthu ankafola mmamawa kusanache. Sitinalowe, siinali pa ndandanda wathu, koma anatiuza kuti ofuna apite okha molawirira.

Tsopano chondidandaulitsa. Gulu linali lalikulu kwambiri, tinalipo anthu 18 ndipo mashopu ambiri ndi ang'ono, ndiye theka la ife timatsala panja pa msewu osamva zimene akufotokoza mkati, magalimoto akusokosa. Chifukwa cha kuchuluka komweko tinachedwa, pofika pa shopu yachinayi madonati amene anatisungira anali atazizira kale mu bokosi, shuga atanyowa, ndipo pambuyo pa yotentha ija kusiyana kwake kunali kowawa ndithu. Si vuto la mayi aja, iwo anapepesa, ndi kampani imene ikulembetsa anthu mopitirira. Chinanso madzi sapereka, khofi anali kamodzi kokha poyambira, ndiye pofika shopu yachitatu kukhosi kunali gwa ndi shuga. Tengani botolo lanu la madzi ndi tishu wonyowa.

Musadye chakudya cha mmawa. Amapereka theka kapena kota pa shopu iliyonse, poyamba ndinaona ngati akutimana koma pomaliza ndinali nditakhuta zedi. Nsapato zikhale zofewa, ngakhale mtunda wake siwoopsa, panali agogo ena amene anamaliza bwinobwino. Amene sadya gluten (wopezeka mu ufa wa tirigu) kapena mazira afunse asanalipire chifukwa mnzathu wina mgululi anangolawa malo awiri okha, zinandimvetsa chisoni.

Pa shopu yomaliza ndinagula old-fashioned ziwiri zopita nazo, zija zong'aluka mmbali zokhala ndi timakona tokhukhuthala, mayi aja anati zimenezi zimapirira mpaka mawa lake kusiyana ndi za yisiti, ndipo zoona mmawa wake ndi khofi zinali bwino. Ndidzapitanso koma pakati pa sabata, ndipo ndidzayamba ndafunsa kuti gulu lili ndi anthu angati.