Ufa wa kashiamu, chakudya cha m'thumba kapena dokotala: zimene ndinaona pa Boerboel wanga

Chiyambireni kutsimphina galu wanga wa mtundu wa Boerboel ali ndi miyezi 5, anzanga oweta agalu akuluakulu akhala akundifunsa njira imene inathandiza. Ndinayesa zitatu, ndipo imodzi ndikadali nayo chakukhosi.

Yoyamba inachokera kwa amene anandigulitsa kagaluko: nsima ya madeya, nyama yambiri, ufa wa mafupa ndi botolo la kashiamu, zonse akuzitcha zachilengedwe. Anati galu wamkulu amafuna mafupa olimba, choncho ndizithira supuni yodzaza nthawi iliyonse yakudya. Mawuwa amamveka anzeru, koma kagalu kosakwana miyezi 6 sikatha kukana kashiamu wopitirira muyezo. Amene wachuluka m'mbale amalowa m'thupi basi. Ofufuza a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anaona zimenezi pa ana a agalu a Great Dane m'zaka za m'ma 1980: opatsidwa kashiamu wambiri, chichereŵechereŵe cha molumikizira mafupa sichinkakhwima bwino, ndipo ena miyendo yakutsogolo inkapindika. Bungwe la AAFCO la ku America, loona za miyezo ya zakudya za ziweto, linaika malire akuti kashiamu asapitirire 1.8 peresenti m'chakudya (osawerengera madzi amene ali m'chakudyamo) cha ana a agalu amene akadzakula adzafika makilogalamu pafupifupi 32 kapena kuposa. Supuni yanga ija inalibe malire.

Sindikunena kuti chakudya chophika pakhomo chisamakhale ndi kashiamu. Nyama ndi madeya zili ndi fosiforasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, moti kagalu kodya zokhazi mafupa ake amafewa mpaka kuthyoka pachabe. Vuto n'lakuti woweta amangoyeza ndi maso, ndipo akaphonya mbali iliyonse wovutika ndi galu. Wanga ndinamupeza m'mawa wina atagona pafupi ndi mbale, akudya chogona chifukwa mwendo wakumanja sunkafuna kuponda. Nditamusisita m'mbali, nthiti sizinamveke n'komwe, ndipo ine kunenepa kumeneko ndinkakunyadira.

Za turmeric, glucosamine ndi vitamini C zimene ena amatsatsa sinditayapo nthawi: palibe umboni wakuti zimawongola mafupa a kagalu, ndipo vitamini C galu amapanga yekha m'thupi mwake.

Njira yachiwiri ndi chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti ndi cha ana a agalu a mitundu ikuluikulu, chimene chambiri chimachokera ku South Africa. Mtengo wake umapweteka, makamaka Boerboel akafika miyezi 7 n'kumamaliza thumba mwamsanga, koma kashiamu ndi fosiforasi anaziyeza kale. Mukathiramonso ufa wa mafupa, mwawononga chimene mwalipirira.

Yachitatu ndi dokotala wa ziweto, ndipo nakonso ndinadandaula. Anandiuza mtengo wa X-ray, koma sananene kuti galu ayenera kugonetsedwa ndi mankhwala kuti ajambulidwe bwino, ndiponso kuti mankhwalawo amalipiridwa paokha. Ndinadziwira pa kauntala. Ngakhale zili choncho, chithunzicho n'chimene chinasiyanitsa matenda. Wanga anali ndi panosteitis, kutupa kwa m'kati mwa mafupa aatali kumene kumasuntha kuchoka mwendo uno kupita wina, ndipo kumatha kokha galu akamaliza kukula. Akanakhala ndi vuto la chiuno kapena la chichereŵechereŵe cha paphewa, mwina pakanafunika opaleshoni. Dokotala analetsa kashiamu tsiku lomwelo, anachepetsa chakudya, n'kupereka meloxicam, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, a masiku ochepa. Anandichenjezanso kuti Brufen ndi diclofenac wa anthu amatha kuboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso.

Kuchepetsa chakudyako ndi kumene ndingakutche chithandizo chachilengedwe popanda manyazi. Pa kafukufuku wa Purina, kampani yopanga zakudya za ziweto, wa agalu 48 a Labrador, amene ankadya chakudya chochepa ndi 25 peresenti sanavutike kwambiri ndi chiuno, ndipo anakhala moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo.

Ofuna maganizo anga ndimawauza kuti agule thumba loyenera ndi kasikelo ka kukhitchini, azimva nthiti ndi zala mlungu uliwonse, ndipo kagalu kakatsimphina masiku awiri apite kwa dokotala atafunsiratu mtengo wa mankhwala ogonetsa. Botolo la kashiamu lija ndinalitaya m'dzenje, ngakhale wondigulitsayo akulitsatsabe pa WhatsApp.