Kusukulu ya ntchito zamanja kapena kwa mmisiri wa pamsika?

Mwana wanu waulumali wakula ndipo mukufuna aphunzire luso lomudyetsa. Mutha kumutumiza kusukulu ya ntchito zamanja ngati ya ku Magomero m'boma la Chiradzulu, ya bungwe loona za anthu aulumali lomwe ambiri timalidziwa kuti MACOHA, kapena kumupereka kwa telala kaya kalipentala wa pamsika pomwepo.

Ndalama
Kusukulu: thiransipoti, sopo, zofunda ndi kandalama ka m'thumba.
Kwa mmisiri: mumagwirizana pakamwa, ena amalola kulipira pang'onopang'ono.

Kaphunzitsidwe
Apa ndiye pagona nkhani. Kusukulu aphunzitsi anazolowera ophunzira aulumali, ndipo mwana amaona anzake oyenda pa njinga kapena pa ndodo akudzichapira ndi kudzisamalira okha. Manyazi amathera pomwepo. Kwa mmisiri zimatengera mtima wa munthuyo. Wina amaleza mtima. Wina miyezi imatha mwana akungosita ndi kusoka mabatani. Muonenso makina osokera: ngati miyendo ilibe mphamvu, opalasa ndi phazi sangamuthandize, pafunika opukusa ndi dzanja kapena amagetsi. Chimbudzi cha pamsika nachonso kachioneni nokha musanavomere.

Akamaliza
Kusukulu: satifiketi yoonetsa pofunsira ntchito.
Kwa mmisiri: pepala palibe, koma makasitomala amudziwa kale, ndipo waphunzira kutchula mtengo ndi kulonjerera ngongole.

Sukulu ikuyenera wachinyamata amene wakhala akubindikira pakhomo ndipo akufunika kuzolowera kudzidalira. Amene sangagone kutali ndi womusamalira, kapena akufuna kuyamba msanga kupeza ya ndiwo, apite kwa mmisiri.