Pulojekiti ya za nthaka ku Dedza: pakompyuta kapena kumunda?

Wophunzira wa kuyunivesite akapatsidwa vuto lenileni, monga kukokoloka kwa nthaka m'mapiri a ku Bembeke, ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kusanthula zithunzi za setilaiti pa QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira ndi kusanthula mapu. Yachiwiri ndi kukakhala kumudzi n'kumayeza minda limodzi ndi alimi.

Ndalama: QGIS ndi zithunzi zochokera ku setilaiti ya Sentinel-2 n'zaulere, mumangogula bandulo. Kumudzi kumafuna thiransipoti, pogona ndi kangachepe ka wokuperekezani.

Zimene mungaone: kadontho kamodzi pa chithunzi cha Sentinel-2 kamaimira malo a mamita 10 mbali zonse, choncho nkhalango ikamatha chaka ndi chaka zimaoneka bwino, koma kachigwembe kopapatiza kapena mzere wa vetiva sizioneka. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimbanso zithunzi zambiri. Kumunda mumaona ndi maso kuti mizere ya mbatatesi yalunjika kumtsetse m'malo motsata akalozera, ndipo mwini munda amakuuzani chifukwa chake: akuopa kuti madzi angadikhe n'kuwoletsa mbewu. Zimenezo setilaiti singakuuzeni.

Zovuta zakumunda: GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, ndiye musaweruzire nayo malire, mungadanitse pachibale. Musalowenso m'munda wa munthu musanakaonekere kwa amfumu ndi alangizi.

Amene akufufuza mmene dera lalikulu, ngati nkhalango ya Dedza-Salima, lasinthira pa zaka zingapo, asankhe kompyuta. Wofuna njira yoti alimi akaigwiritsedi ntchito apite kumudzi, makamaka mvula yoyamba ikangogwa, pamene madzi amaonetsa okha momwe amadutsa.