Amisiri amene anandimangira chisakasa chophikiramo manyuchi kuno ku Mangochi

Anthu angapo akhala akundiimitsa panjira kufunsa za kanyumba kamalata kali kumapeto kwa dimba langa kaja, kamene kamafuka nthunzi m'mamawa, ena mpaka amafunsa ngati ndi motchezera kachasu. Ayi, ndi mophikira manyuchi a nzimbe. Nde poti ambiri akufuna kudziwa kuti anamanga ndani komanso ngati ntchito yake ili bwino, ndati ndifotokoze zonse mmene zinayendera, zabwino ndi zondiwawa zomwe. Dzina la mmisiriyo sindilemba poti sindinawapemphe, ndi bambo achikulire ndithu okhala cha kuboma konkuno, ndingowatchula kuti amisiri.

Nkhaniyi inayamba ndi achemwali anga amene amakhala ku Quebec, ku Canada. Atabwera kudzaona mayi anatibweretsera kachitini ka maple syrup, manyuchi ochokera mu mtengo osati mu nzimbe, ine kulawa ndinangoti kakasi. Iwo anandifotokozera kuti kumeneko dzinja lawo lozizira lija likamatha, cha kumapeto kwa February mpaka April, usiku madzi amaundana koma masana kumafundirako, nde kusinthasintha kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti madzi a mtengo wa maple ayambe kuyenda. Amabowola kabowo pathunthu, kulowetsa kampopi, madzi aja nkumadontha. Koma madziwo ndi oyera ngati a pamjigo, shuga wake ndi 2 peresenti chabe, moti kuti upeze lita imodzi ya manyuchi umafunika kuwiritsa malita pafupifupi 40. Taganizani, malita 39 onsewo ayenera kuuluka ngati nthunzi. Nchifukwa chake saphikira m'khitchini, amamanga kanyumba kapadera m'nkhalango momwemo, a Chifalansa akumeneko amakatchula kuti cabane à sucre. Quebec yokhayo imatulutsa pafupifupi 70 peresenti ya maple syrup wa dziko lonse lapansi.

Mtengo umenewo kuno sungatipatse kanthu, ndi kutentha kwa ku Mangochi kuno madzi kuundana nkuti? Koma chimene chinandigwira mtima ndi nyumbayo. Ine ndili ndi nzimbe m'dimba cha m'mbali mwa Shire mukamalowera ku Malombe, chaka ndi chaka zimapsera limodzi ndi za anzanga onse, tikapita nazo pamsika mavenda amangotiuza mtengo umene akufuna, zotsala zimauma. Ndinkayesapo kufinya nkuwiritsa mu poto pamafuwa koma nkhuni zimatha zambiri, utsi umalowa m'manyuchi, tsiku lathunthu kupeza mabotolo awiri. Achemwali atabwerera anayamba kunditumizira mavidiyo pa WhatsApp a mkati mwa tinyumba tija, ine nkumajambula pa pepala.

Mabilida awiri oyamba amene ndinawaonetsa pulani anakana chinthu chimodzimodzi, denga. Nyumba yophikira maple imakhala ndi kadenga kena kakang'ono pamwamba pa denga lalikulu, kokwera ngati chipewa, m'mbali mwake muli zitseko zotsegula kuti nthunzi izitulukira pamenepo. Iwo amati bwana denga lobowola pakati ndiye kuti chiyani, mvula ikugwerani, tingokuikirani mawindo akuluakulu. Wachitatuyu atayang'ana vidiyo kawiri anangoti, "Achimwene, apa palibe chachilendo, ili ndi balani la fodya, kungoti inu mukufuna kuthamangitsa nthunzi." Kani ali achinyamata ankamanga mabalani owotchera fodya wa fuluu m'maesiteti aku Namwera, nde nkhani ya moto, mpweya ndi chinyezi amaidziwa ndi manja. Pomwepo ndinadziwa kuti ndapeza munthu.

Ndiyambe ndi zimene anachita bwino, ndipo ndi zambiri. Asanakumbe olo khasu limodzi anabwera masiku awiri kudzangoima pamalopo madzulo kumvetsera mphepo. Anandiuza kuti nthawi imene ndizidzaphika kwambiri, June ndi July, ndi nthawi ya mwera, nde khomo la ng'anjo liyang'ane kumene mwera ukuchokera kuti uzithandiza kukoleza moto, chumuni ikhale mbali inayo kuti utsi uzithawa nyumba. Malo amene ine ndinasankha anawakananso, anati ndi otsika, nandikumbutsa mmene madzi a m'nyanja anakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, nde tinasunthira kumtunda pang'ono ndipo maziko anawakweza mpaka m'mawondo. Nyumbayo ndi mamita 5 mulitali, 4 mulifupi, pansi simenti yotsetsereka pang'ono kuti madzi otsukira azitulukira okha, khoma la njerwa lolekeza m'chiuno, kumtunda kotsegula. Ku Canada amatseka makoma onse chifukwa cha chisanu, kuno mutatseka choncho munthu wophika atha kukomoka, amisiri anaziwona okha zimenezi ine ndisananene.

Pa ng'anjo ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Ine ndinagula simenti yambiri poganiza kuti ng'anjo yolimba ndi ya simenti, iwo anati ayi simenti ikapsa imang'ambika, mkati monse anamanga njerwa zootcha ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga pang'ono, simenti kunja kokha. Kutsogolo kumene kumayaka moto anakusiya kozama, anaika zitsulo zopingasa kuti nkhuni zizikhala m'mwamba mpweya uzilowera pansi phulusa nkumagwera kunsi, kenako pansi pa ng'anjo anapakweza pang'onopang'ono polowera ku chumuni mpaka mpata wa pakati pa njerwa ndi chiwaya unatsala wongokwana chikhatho. Ndiye lawi silimangodutsa, limakakamizika kunyambita chiwaya chonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Nditatumiza chithunzi kwa achemwali, alamu anga anayankha kuti nzofanana ndi mmene amamangira kwawo. Levulo analibe yamakono, anagwiritsa ntchito paipi yoonekera mkati yothira madzi, anayeza ngodya zonse zinayi katatu, ndipo izi sizamasewera chifukwa madzi ophikawo amakhala osaya, masentimita 4 kapena 5 basi, chiwaya chikapendekeka pang'ono mbali yokwerayo imauma nkupserera, manyuchi onse nkuwawa.

Chiwayacho sanapange okha, ananditengera kwa mnyamata wina wowotcherera amene amagwira naye ntchito. Apa panali kukangana pang'ono. Mnyamatayo amafuna adule mgolo kapena agwiritse ntchito lata wamba kuti zitchipe, ine ndinakanitsitsa poti achemwali anali atandichenjeza kale kuti kwawo ziwiya zakale zomatidwa ndi mtovu anazisiya, pano ndi sitenilesi, chinthu chodya ana sungachiphikire mu chitsulo chimene sukudziwa kuti munali chiyani. Amisiri anali mbali yanga. Pepala la sitenilesi tinachita kuitanitsa ku Blantyre ndipo ndi chinthu chimene chinadula kuposa china chilichonse pa nyumba yonseyi, kuposa malata ndi njerwa. Chiwayacho ndi mamita 1.8 kutalika, masentimita 60 mulifupi, chili ndi kampopi pangodya. Tsiku loyesa ndi madzi chinadontha pangodya imodzi, anachitenganso pa kabaza nkukachiwotchereranso, kuyambira pamenepo sichinavutenso.

Tsono zondiwawa. Choyamba ndi nthawi, anandiuza masabata atatu, zinatenga asanu ndi awiri. Zina ndimamvetsa, kunagwa maliro kwawo, magetsi amathima kwa wowotcherera uja, Lachisanu masana amapita ku mzikiti ndipo zimenezo tinagwirizana kale. Koma panali masabata awiri athunthu amene anangosowa, foni osayankha, kenako ndinamva kwa ena kuti atenga ntchito ina ya mpanda cha ku Makawa. Akanangondiuza sindikanadandaula, koma nzimbe zinali zitakhwima ine ndikudikira, zina ndinagulitsa motchipa momwe ndinkathawa muja. Atabwera ndinawauza maso ndi maso kuti bambo mwandilakwira, anapepesa, koma nzimbe zinali zitapita kale.

Chachiwiri ndi chumuni, ndipo ichi chinandipweteka kwambiri chifukwa ndinali nditanena. Ophika maple ali ndi kalamulo kawo kakuti chumuni italike kawiri kutalika kwa ng'anjo, nde kwa ine imayenera kufika pafupifupi mamita 4. Amisiri anati imeneyo ndi ya kwa azungu kozizira, kuno mamita awiri ndi theka akwana, mwera utithandiza. Ndinagonja poti iwo ndi akulu komanso zina zonse amalondola. Tsiku loyamba kuphika tinafinya malita 60 kuyambira 4 koloko m'bandakucha, chifukwa madzi a nzimbe sachedwa kusasa, ukafinya uphike tsiku lomwelo. Moto unayaka mwaulesi, mphepo itangoleka utsi unayamba kubwerera kukhomo la ng'anjo nkudzaza nyumba, mayi a kunyumba maso ali psuu, manyuchi onse anatuluka akununkha utsi moti sindikanagulitsa kwa munthu. Usiku umenewo sindinagone.

Koma apa ndiyeneranso kunena chilungamo. M'mawa mwake nditawaimbira anabwera pa njinga, anayatsa moto okha, anakhala pansi nkumayang'ana utsi kwa ola lathunthu osayankhula, kenako anati, "Achimwene, munanena zoona, ndalakwa ndine." Anawonjezera chumuni mpaka inapitirira kadenga kapamwamba kaja, zipangizo ndinagula ine koma ya ntchito anakana kulandira. Amisiri ambiri amene ndagwira nawo ntchito akalakwitsa amaloza nkhuni, amaloza mphepo, amaloza iwe mwini. Awa sanatero. Pano ukatseka chitseko cha ng'anjo moto umachita kulira.

Kadenga kapamwamba kaja kakugwira ntchito mmene ndinkafunira. Chiwaya chikawira nthunzi imakwera molunjika nkutulukira pamenepo, zitseko zake anazimangira zingwe moti ndimatsegula ndili pansi, ndimatseka mbali ya mphepo nkutsegula inayo. Mvula ya chaka chino yonse sinalowe olo dontho. Tsiku lina ndinaiwala kutsegula, m'mamawa wa July kukuzizira, nthunzi inagunda malata nkusanduka madontho akuda amene anayamba kugwera m'chiwaya, m'pamene ndinamvetsa bwinobwino chimene mabilida awiri aja samachiona.

Pa kaphikidwe, nzimbe ndi zachifundo kuyerekeza ndi maple, ine malita 7 kapena 8 amandipatsa lita imodzi. Ntchito yaikulu ndi kuyengula thovu lobiriwira limene limayandama poyamba, ukachita ulesi manyuchi amada. Likafuna kusefukira ndimadonthezamo mafuta ophikira pang'ono chabe limatsika, nzeru imeneyinso ndi ya kwa achemwali. Kwawo amati manyuchi apsa shuga akafika 66 peresenti, ndipo amadziwira kutentha, madigiri 4 pamwamba pa pamene madzi wamba amawirira. Ukaphula msanga amachita nkhungu, ukachedwetsa amaundana shuga pansi pa botolo. Ndinagula kachoyezera kutentha ndipo ndinadabwa kuona kuti kuno madzi amawira cha pa 98 osati 100, chifukwa ngakhale timati kuno nkotsika tili mamita oposa 470 pamwamba pa nyanja yamchere. Nde ndimayamba ndayeza madzi wamba m'mawa uliwonse, a nzimbe ndimawapitiriza pang'ono kuposa a maple kuti akhale onanda, ndikusefa pa nsalu yoyera nkuthira m'mabotolo akadali otentha.

Kukoma sikofanana, ndisaname. Maple ndi wopepuka, ali ndi kafungo kake ka mtengo, athuwa ndi olemera, akuda pang'ono, koma pa phala la mgaiwa, pa zitumbuwa kapena pa chinangwa chophika ana sasiya. Amayi ena apamudzi pano anagula mabotolo kusungira mwezi wa Ramadan kuti azidzathira mu phala la madzulo pomasula.

Nkhuni ndi nkhani imene inkandidetsa nkhawa kuyambira pachiyambi, aliyense akuona mmene mapiri athu ayerera ndi makala, sindinkafuna kuti manyuchi anga awonjezere bala limenelo. Ndinawauza amisiri, nde anakulitsa khomo la ng'anjo ndi kumanga kakhonde kumbali koyanikapo zotsalira za nzimbe tikafinya. Zikauma bwino zimayaka ngati udzu, nkhuni ndimangoyambira moto ndi kusungira makala, zina zonse ndi nzimbe zomwezo. Zimafuna munthu woima pakhomo kumaponyera pafupipafupi poti sizichedwa kunyeka, mwana wa mlongo wanga ndi amene amagwira ntchito imeneyo.

Pa 10 ndikuwapatsa 8, ziwirizo ndachotsera masabata anasowa aja ndi malita 60 anga. Amene mukufuna ng'anjo ya mtundu uliwonse, kaya yophikira manyuchi, kaya uvuni wa buledi, kaya yowambira nsomba, bambowa moto amaudziwa ndipo ndingawaitanenso mawa. Kungoti mugwirizane masiku polemba, ndalama muzipereka m'magawo ntchito ikamaoneka, ndipo pa kutalika kwa chumuni musagonje. Chimene tonse awiri sitinachiganizire ndi njuchi, makoma otsegula aja zimalowa gulu chiwaya chikangoyamba kununkhira, mwana uja zamuluma kale kawiri. Amisiri abwera Loweruka kudzayeza kuti tiike waya wa sefa kuzungulira konse ndi pa kadenga kapamwamba pomwe, ndawauza kuti asankhe wa maso okulirapo kuti mphepo isatsekeke.